Mmene mungasewerere Dave, Prince ndi Doom pa kompyuta ya masiku ano

Funso ili landifika kambirimbiri, kuchokera kwa anzanga a kuntchito, abale, ngakhale anthu ongomva kuti ndimakonda magemu akale: “Ndamupeza Dave uja tinkasewera kale, koma ndikadina kompyuta ikukana. Nditani?” Ena amati gemu yatseguka koma kamunthu kakuthamanga mosagwirika. Ena amati zithunzi zikuoneka bwinobwino koma kuli zii. Ndalemba yankho lonse pano kuti aliyense wofunsa ndizingomulozera.

Choyamba, mtima m'malo, gemu yanuyo sinawonongeke. Dangerous Dave wa John Romero anafika pa PC mu 1990. Prince of Persia wa Jordan Mechner anayambira pa Apple II mu 1989, n'kufika pa PC chaka chotsatira. Wolfenstein 3D ndi wa 1992, Doom wa December 1993, onse awiri a kampani ya id Software. Magemu onsewa anawalembera MS-DOS, pulogalamu imene inkayendetsa makompyuta ambiri Windows isanafale, ndipo Windows ya 64-bit ilibe gawo loyendetsa mapulogalamu a DOS. Windows 11 yonse ndi ya 64-bit, ndipo makompyuta ambiri a Windows 10 ndi otero. N'chifukwa chake Compatibility mode, njira ya Windows yoyendetsera mapulogalamu ake akale, imene anthu amathamangira, siithandiza pa magemu amenewa. Musavutike nayo.

Chofunika ndi DOSBox, pulogalamu yaulere imene inayamba mu 2002. Imadzisandutsa kompyuta yakale m'kati mwa kompyuta yanu, yokhala ndi purosesa yake, khadi yake ya zithunzi ndi khadi yake ya mawu. Koma mfundo imene ambiri amaiphonya ndi iyi: makompyuta akale sanali amodzi. Ya 1983 ndi ya 1995 zinkasiyana kutali, ndipo DOSBox siingalote kuti gemu yanu ikufuna iti. Muyenera kuiuza ndinu. Masitepe 6 ndi 7 ndiwo mtima wa nkhaniyi, enawo n'ngokufikitsani kumeneko.

1. Pezani gemu pamalo odalirika

Magemu ambiri a nthawi imeneyo ankagawidwa mwa njira yotchedwa shareware: gawo loyamba laulere, lololedwa kukopera mnzako, magawo otsatira ogula. Gawo loyamba la Doom, la Wolfenstein 3D, la Commander Keen ndi la Jazz Jackrabbit mungalitenge ndi mtima woyera. Ena eni ake anawamasula onse, monga SkyRoads wa kampani ya Bluemoon ya ku Estonia ndi Tyrian 2000. Ngati muli ndi khadi ya banki yolipirira pa intaneti, GOG, sitolo ya ku Poland imene inayamba mu 2008, imagulitsa magemu akale ambiri atawakonzera kale DOSBox.

Mudzaonanso mawu akuti abandonware. Amatanthauza gemu imene mwini wake sakuigulitsanso, koma sikuti umwini wake watha. Zimenezo muzidziwe pamene mukusankha.

Chenjezo langa lalikulu lili pa kukula kwa fayilo. Magemu amenewa ndi ang'onoang'ono. Prince of Persia yense amakwana pa fulopi imodzi ya 1.44 MB, ndipo Dave ndi wocheperapo kwambiri. Bandulo yanu siimva n'komwe. Mukapeza fayilo yolembedwa kuti Dave koma ili ndi 40 MB, n'kumakupemphani kuti muinstole kaye china chake, ichotseni osaitsegula. Zochokera pa fulashi ya mnzanu zipimeni kaye ndi antivirus.

2. Ikani DOSBox

Tengani DOSBox 0.74-3, ya 2019, patsamba la eni ake. Siifika ngakhale 2 MB. Pali ina iwiri yochokera ku yomweyi, DOSBox Staging ndi DOSBox-X, ndipo zonse n'zabwino, koma mabatani ena ndi mayina ena amasiyana. Zimene ndalemba pano ndi za 0.74-3. Yambirani imeneyo, zinazo mudzaziona mukazolowera.

3. Konzani foda ya magemu

Pa C: ya kompyuta yanu pangani foda yotchedwa MAGEMU. M'kati mwake gemu iliyonse ikhale ndi foda yakeyake: DAVE, PRINCE, DOOM. Ngati gemu yabwera mu ZIP, imasuleni kaye.

Mayinawa ndawafupikitsa dala. DOS imadziwa mayina a zilembo zosapitirira 8, opanda mpata pakati, kenako kadontho ndi zilembo zitatu. Foda yotchedwa “Prince of Persia” mukaiona mu DOSBox idzakhala PRINCE~1, ndipo kachizindikiro ka ~ kamavuta kukapeza pa makiyibodi ena. Musaikenso magemu pa Desktop kapena mu Downloads, chifukwa njira yofikira kumeneko ndi yaitali ndipo mudzailemba molakwitsa.

4. Ionetseni DOSBox pamene pali magemu

Mukatsegula DOSBox mudzaona windo yakuda yolembedwa Z:\> ndipo apa ndi pamene ambiri amabwerera. Z imeneyo ndi kadiski kongopeka ka DOSBox yeniyo, mulibe magemu anu. DOSBox siiona chilichonse cha pa kompyuta yanu mpaka mutaipatsa chilolezo. Zili ngati mlendo amene mwamupatsa kiyi wa chipinda chimodzi: kwa iye chipindacho ndiye nyumba yonse. Lembani izi, n'kudina Enter pakutha pa mzere uliwonse:

mount c c:\magemu
c:
dir /w

Mzere woyamba ukuti foda ya MAGEMU ikhale diski C ya kompyuta yakaleyo. Zindikirani kuti pali ma C awiri osiyana: woyamba ndi wa m'kati mwa DOSBox, wachiwiri ndi weniweni wa Windows. Mzere wachiwiri ukukulowetsani mu diskiyo, wachitatu ukuonetsa zimene zilimo.

Musayerekeze kulemba mount c c:\ basi. Mukatero mwapereka diski yanu yonse kwa mapulogalamu a zaka 30 zapitazo, amene angathe kufufuta kapena kulemba paliponse.

Malaputopu ambiri amene timagula ogwiritsidwapo kale ntchito amabwera ndi makiyibodi a mayiko osiyanasiyana, ndiye nthawi zina mukadina \ pamatuluka china. Lembani keyb uk ngati kiyibodi ndi ya ku Britain, kapena keyb us ngati ndi ya ku America. Zikakanikabe, pa lamulo la mount mungagwiritse ntchito / ndipo zitheka: mount c c:/magemu.

Mukawonjezera mafayilo mu foda DOSBox ili yotsegula, siiwaona mpaka mutadina Ctrl ndi F4.

5. Pezani fayilo yoyambitsira

Lowani mu foda ya gemu polemba cd prince, kenako dir /w. Mafayilo amene amayambitsa pulogalamu ndi othera ndi EXE, COM kapena BAT okha. Lembani dzina lake, mwachitsanzo prince, n'kudina Enter. Pakakhala BAT yokhala ndi dzina la gemu, yambani ndi imeneyo, chifukwa kawirikawiri imakonza zina gemu isanayambe. DOS4GW.EXE isiyeni, ndi yothandizira chabe ndipo gemu imaiitana yokha. Kuti mubwerere m'mbuyo lembani cd .. ndipo batani la Tab limakumalizitsirani dzina mukalemba zilembo zoyamba.

Alt ndi Enter zimadzazitsa sikirini yonse. Mausi ikagwidwa m'kati mwa windo, Ctrl ndi F10 zimaimasula.

6. Liwiro: pano khalani pansi

Malangizo ambiri amathera pa sitepe 5, ngati kuti gemu ikangotseguka ndiye kuti zatha. Pamenepo m'pamene ntchito yeniyeni imayambira.

IBM PC yoyamba, ya 1981, inali ndi purosesa ya 4.77 MHz. Olemba magemu a zaka zimenezo ankadziwa kuti aliyense ali ndi makina a liwiro lomwelo, ndiye ena sankavutika n'kuyang'ana wotchi ya kompyuta. Akafuna kuti chilombo chidikire pang'ono, ankangouza purosesa kuti iwerenge manambala mpaka penapake. Purosesa ikakhala yothamanga kakhumi, imamaliza kuwerengako kakhumi mofulumira, ndipo gemu yonse imathamanga chimodzimodzi. Digger wa 1983 ndi chitsanzo chodziwika: pa makina othamanga mumafa musanaone n'komwe chimene chakuphani. Magemu apambuyo pake anayamba kutsatira wotchi. Doom, mwachitsanzo, sapitirira zithunzi 35 pa sekondi, kaya makina athamange bwanji. Kwa iye vuto limakhala la mbali inayo, kuchedwa.

Mu DOSBox liwiro limayezedwa ndi ma cycles, kutanthauza kuchuluka kwa malangizo amene purosesa yongopekayo ikuchita pa kachigawo kamodzi mwa 1000 ka sekondi. Nambala yake imaoneka pamwamba pa windo, choncho pokonza liwiro musadzazitse sikirini. Ctrl ndi F11 zimachepetsa, Ctrl ndi F12 zimawonjezera. Pa malaputopu ambiri muyenera kugwiranso Fn, apo ayi mungosintha kuwala kwa sikirini kapena voliyumu.

DOSBox ikangoikidwa imayendera cycles=auto. Pa magemu akale imapereka 3000. Pa magemu ofuna mphamvu, aja amaonetsa mawu akuti DOS/4GW poyamba, imadzikweza yokha kufika pa max, liwiro lonse limene kompyuta yanu ingakwanitse. Kawirikawiri zimenezi zimagwira, koma pakati pamakhala magemu ambiri amene 3000 imawachulukira kapena kuwachepera. Ine ndimayambira apa:

Magemu a 1981 mpaka 1985, yambani pa 300 n'kumakwera pang'onopang'ono. A 1988 mpaka 1991, monga Dave, Prince ndi Commander Keen, yambani pa 3000. A 1992 ndi 1993, monga Wolfenstein 3D ndi Dune II, yesani pakati pa 5000 ndi 10000. Doom ndi anzake a 1994 ndi 1995 amafuna 20000 mpaka 30000 kapena kuposerapo. Manambalawa ndi poyambira chabe, woweruza ndi maso ndi makutu anu.

Mudziwa bwanji kuti mwafika? Musayang'ane zolemba zoyambirira, lowani mu levo yeniyeni. Onani chinthu chimene chimayenda chokha, monga chilombo chozungulira kapena chitseko chotsika. Ngati mukulephera kulumpha malo amene kale munkalumpha mosavuta, musafulumire kunena kuti zala zakalamba, tsitsani kaye liwiro. Ngati chithunzi chikudukiza adani akachuluka, kwezani.

Cholakwa chofala kwambiri ndi kuganiza kuti kukweza nthawi zonse kumathandiza. Ma cycles amenewa amachokera ku mphamvu ya purosesa yanu yeniyeni. Mukapempha oposa amene laputopu yanu ingakwanitse, mawu amayamba kudukaduka ndipo gemu imachedwa kuposa poyamba. Munthu amaona kuchedwako n'kuwonjezeranso, zinthu n'kuipiraipira. Mawu akayamba kudukaduka mutangokweza, bwererani pansi. Komanso max imatenthetsa laputopu ndi kudya batire msanga, zimene mudzazimva tsiku limene magetsi athima. Nambala yokhazikika imene ikukwanira gemuyo ndi yabwino kuposa max.

Pali uthenga wina umene umaopsa anthu: Runtime error 200. Umatuluka pa magemu olembedwa ndi Turbo Pascal, monga Jazz Jackrabbit wa 1994. Poyamba pulogalamu imayeza liwiro la purosesa, ndipo ikakhala yothamanga kupitirira pafupifupi 200 MHz masamu ake amasokonekera n'kugwa. Mankhwala ake ndi omwewo: tsitsani ma cycles musanayambitse gemu.

7. Mawu: manambala atatu oti muwaloweze

Pa DOS gemu iliyonse inkalankhula yokha ndi khadi ya mawu, popanda Windows yoimira pakati. Inkayenera kuuzidwa kuti khadiyo ndi ya mtundu wanji ndipo ili pati. DOSBox imadzionetsa ngati Sound Blaster 16 ya kampani ya Creative, ndipo manambala ake ndi awa: Port 220, IRQ 7, DMA 1. Gemu ikafunsa High DMA kapena 16-bit DMA, yankho ndi 5. Mukaiwala, lembani set mu DOSBox ndipo mudzaona mzere wakuti BLASTER=A220 I7 D1 H5 T6. Manambala onse ali momwemo.

Mu foda ya gemu funani SETUP.EXE, INSTALL.EXE kapena SETSOUND.EXE, muiyendetse gemu isanayambe. Kawirikawiri imafunsa kawiri, za nyimbo ndi za mawu ena monga kulira kwa mfuti. Anthu amayankha funso loyamba lokha, kenako n'kudabwa kuti nyimbo ikumveka koma mfuti ili duu. Pa mafunso onse awiri sankhani Sound Blaster. Pakapanda Sound Blaster pa nyimbo, sankhani AdLib. Pomaliza sankhani kusunga musanatuluke, chifukwa mukangodina Esc zonse mwasankhazo zimatayika.

IRQ ndiyo imagwetsa anthu ambiri. Makadi oyamba a Sound Blaster ankabwera pa IRQ 7, koma nambala imeneyo inkagwiritsidwanso ntchito ndi polumikizira printa, ndiye makadi apambuyo anasamukira pa 5. Ngati gemu yanu inakopedwa pa kompyuta yakale ya munthu wina, fayilo yake ya zosankha ingakhale ikunenabe 5 pamene DOSBox ili pa 7. Zizindikiro zake n'zodziwika: mawu amodzi amamveka kenako zii, kapena gemu imauma pamene mawu oyamba amayenera kutuluka. Yendetsaninso SETUP n'kuika 7.

Pa mndandanda mudzaonanso Gravis Ultrasound ndi Roland MT-32. Zisiyeni pakadali pano. Yoyambayo DOSBox imabwera itaizimitsa, ndipo yachiwiriyo imafuna zina zowonjezera, apo ayi nyimbo imamveka ndi zida zolakwika. General MIDI pa Port 330 imagwira ntchito ndipo ena amaikonda. Ine ndimakonda Sound Blaster, chifukwa kulira kwake kowuma kuja ndi kumene makutu ambiri amakumbukira.

Dave yekha musamufunire SETUP. Mawu ake ndi a kasipika kakang'ono ka m'kati mwa kompyuta, kaja kolira kuti pii pii, ndipo DOSBox imakatsanzira popanda kuuzidwa.

8. Sungani zimene mwapeza

Mukapeza liwiro loyenera, musamalifunenso tsiku lililonse. Tsegulani Notepad mulembe izi:

[sdl]
fullscreen=true
fullresolution=desktop
output=opengl

[render]
aspect=true

[cpu]
cycles=fixed 3000

[autoexec]
mount c c:\magemu
c:
cd prince
prince
exit

Isungeni mu MAGEMU ndi dzina lakuti prince.conf. Posunga sankhani All files, chifukwa Notepad imakonda kuwonjezera .txt kumapeto mwakachetechete, ndipo DOSBox siidzaipeza fayiloyo. Kenako koperani shortcut ya DOSBox ya pa Desktop, dinani batani lakumanja la mausi, lowani mu Properties, ndipo pa Target, pambuyo pa dzina la DOSBox.exe, chotsani zina zonse n'kulemba -conf "c:\magemu\prince.conf". Gemu iliyonse ikhale ndi conf yake ndi shortcut yake.

Mzere wa aspect=true ndi wofunika kuposa mmene umaonekera. Magemu ambiri ankajambula madontho 320 m'lifupi ndi 200 m'litali, koma masikirini akale a chimphuno kumbuyo ankawatambasula kuti adzaze 4:3. Popanda mzerewu anthu onse a mu gemu amaoneka afupi ndi onenepa. Mizere yakuda imene idzatsale m'mbali mwa sikirini yanu si vuto, ndi mmene ziyenera kukhalira.

Mawu akuti exit muwaike pomaliza, zonse zitayenda. Mukawaika msanga, gemu ikalephera windo imatsekeka musanawerenge uthenga wokuuzani chavuta.

9. Magemu a pa CD

Ngati muli ndi fayilo ya ISO, imene ndi kope la CD yonse mu fayilo imodzi, pambuyo pa mount ya C lembani imgmount d c:\magemu\dzina.iso -t iso. Kenako lembani d: ndi install. Ikakufunsani koika, vomerani C imene ikupereka. Mzere wa imgmount uyenera kukhalanso mu conf, chifukwa magemu ambiri amafuna CD nthawi zonse, ndipo chilembo chikhale D yemweyo amene munainstolera.

10. Mabatani amene amalimbana ndi Windows

Mu Prince of Persia batani la Shift ndi moyo: kuyenda mosamala, kugwira m'mphepete mwa khoma, kutola lupanga, kumwa mankhwala, kubaya. Koma mukadina Shift kasanu motsatizana, Windows imatulutsa uthenga wa Sticky Keys pakati pa nkhondo. Zimitsani zimenezi mu Settings, pa gawo la kiyibodi, musanayambe. Mu Doom, Ctrl ndi kuwombera ndipo Alt ndi kuyenda cham'mbali, koma pa makompyuta ena a Intel kudina Ctrl, Alt ndi muvi pamodzi kumatembenuza sikirini chadodolido. Ctrl, Alt ndi muvi woloza m'mwamba zimaibweza, ndipo mungazimitsiretu mabataniwo mu pulogalamu ya zithunzi ya Intel. Samalaninso ndi Ctrl ndi F9: zimatseka DOSBox nthawi yomweyo osafunsa, ndipo zili pafupi ndi F10 ndi F11 zimene muzidzazidina kawirikawiri.

Mwina mukufunsa za Road Rash, Need for Speed II kapena Age of Empires. Amenewo ndi a Windows 95, si a DOS, ndipo DOSBox 0.74-3 payokha siingawayendetse. Kwa iwo Compatibility mode ija ndiye yoyamba kuyesa. Magemu a nkhani a LucasArts, monga The Secret of Monkey Island wa 1990, amayenda mu DOSBox koma ndi osavuta kwambiri mu pulogalamu ina yaulere yotchedwa ScummVM.

11. Kusunga pamene mwafika

DOSBox 0.74-3 siikusungirani gemu, mumasunga monga mmene gemuyo inkalolera kale. Mu Doom, F2 imasunga ndipo F3 imabwezera. Mu Prince muli ndi mphindi 60 zokha kuti mumalize, ndipo Ctrl ndi G zimasunga kuyambira levo 3, osati m'mbuyo mwake. Kuti mupitirize, dinani Ctrl ndi L pa chithunzi choyambirira. Dziwani kuti zimasunga pamodzi ndi mphindi zimene zatsala, ndiye ngati mwataya nthawi yambiri pa levo ina, ganizani kaye musanasunge, chifukwa fayilo yake ndi imodzi yokha, PRINCE.SAV, ndipo yatsopano imafufuta yakale. Mukafika pabwino muli ndi nthawi yambiri, koperani fayiloyo pambali.

Zosunga zonsezi zimalembedwa mu foda ya gemu, m'kati mwa MAGEMU, limodzi ndi ma conf anu. Mukakopera foda imodzi imeneyo pa fulashi, n'kukaiika pa C: ya kompyuta ina yokhala ndi DOSBox, mupitiriza pomwe munalekezera. Chokhacho choti muonenso ndi ma cycles a magemu olemera monga Doom, ngati kompyuta yatsopanoyo ndi yofooka kuposa yoyamba.